Dzuwa la m'botolo: kuonera Catweazle tili ku Cape Town

Nkhalamba yowonda, ya ndevu zonga za tonde ndi tsitsi lanyankhalala, yovala mkanjo wansanza umene sunalaweko sopo, yabisala m'nyumba yosungiramo zipangizo pa famu ina ku England. Mnyamata wa pafamupo akukhudza kanthu kena pakhoma ndipo m'nyumbamo mwawala kuti ngwee. Nkhalambayo ikunjenjemera. Ikuyang'ana babu lolendewera kudenga, ndipo pofuna kumvetsa chimene yaona ikuti ndi dzuwa limene munthu walitsekera m'botolo. Kuchokera pamenepo ikutenga mnyamatayo ngati katswiri wa matsenga woposa onse amene inakumanapo nawo, ndipo ikumupempha kuti aiphunzitse.

Umu ndi mmene limayambira sewero la ana la pa wailesi ya kanema lotchedwa Catweazle, limene kampani ya London Weekend Television inayamba kuonetsa pa ITV mu February 1970. Analilemba ndi Richard Carpenter, yemwe pambuyo pake anadzalembanso Robin of Sherwood. Lili ndi magawo 26 okha, 13 a mu 1970 ndi ena 13 a mu 1971, koma linapambana mphoto ya bungwe la olemba la Writers' Guild, ndipo ku Germany linakondedwa kwambiri moti mu 2021 anapangako filimu yatsopano imene Otto Waalkes anasewera ngati nkhalambayo. Dzina lenilenilo la Catweazle silitanthauza kanthu. Carpenter ankanena kuti analiona litalembedwa pa geti lina kumudzi atasochera paulendo, n'kulisunga mumtima.

Nkhani yake si yovuta. Catweazle ndi munthu wa matsenga wa mtundu wa Asaxon, wokhala m'phanga cha m'ma 1066, nthawi imene Anorman ochokera ku France anagonjetsa England. Asilikali a Anorman akumuthamangitsa. Iye akulodza kuti auluke, n'kudziponya m'madzi. Kuuluka kwakanika monga mwa masiku onse, koma povuuka akupeza kuti wadumpha zaka pafupifupi 900. Nkhalango ija yasanduka famu yotchedwa Hexwood, ya bambo Bennet, amene mkazi wawo anamwalira ndipo ngongole zawapanikiza. Mwana wawo Edward, amene aliyense amamutchula kuti Carrot chifukwa cha tsitsi lake lofiira, ndiye akubisa mlendoyo m'thanki yakale ya madzi ya m'mwamba imene ili m'thengo, n'kumamuzembetsera chakudya. Catweazle akuitcha thankiyo nyumba yachifumu, Castle Saburac. Ali ndi chule wake, Touchwood, amene amayenda naye m'thumba, komanso mpeni wamatsenga wotchedwa Adamcos umene amauvala m'khosi.

Chimene chalisunga seweroli zaka zoposa 50 ndi Geoffrey Bayldon, amene anasewera ngati Catweazle. Pa nthawi yojambula anali ndi zaka 45 zokha, koma ukamuona sukayika kuti ndi gogo wa m'phanga. Mantha ake amayambira m'zala. Akamva kulira kwa thirakitala amapinda msana ngati mphaka waona galu, amafwenthera, amasonya, maso ali mwazumwazu kufuna pothawira. Komabe pakati pa manthawo pamakhala chidwi chimene chimamukokera kufupi ndi chinthu chomwe chamuopsacho. Amathawa, n'kubwerera mozemba kudzachikhudza. Bayldon sanasewere munthu wopusa. Anasewera munthu wanzeru amene nzeru zake zonse zatha ntchito tsiku limodzi, ndipo akuyesetsa kumanga zatsopano ndi zidutswa za zakalezo. Magetsi amawatcha electrickery, kusakaniza liwu la Chingerezi la magetsi ndi la chinyengo. Telefoni amaitcha telling bone, fupa lonena, popeza m'makutu mwake mawuwo akumveka choncho, ndipo chogwirira cha telefoni ya masiku amenewo chinkaonekadi ngati fupa.

Mchewa sayenera kuseka kwambiri pamenepa, chifukwa chilankhulo chathu chinachita zomwezo. Njinga itabwera ndi injini tinati njinga yamoto. Galimoto ndi ngolo ya moto, kuchokera ku mawu a Chiswahili, ndipo ndege m'Chiswahili chomwecho ndi mbalame. Sitima ya panjanji tinaitcha yapamtunda poisiyanitsa ndi ya panyanja imene tinayamba kuidziwa. Liwu loti magetsi ndi m'bale wake wa ugesi wa Chizulu, ndipo onsewo akuchokera ku gasi, amene ankaunikira m'matauni magetsi asanafike. Umenewu si umbuli ayi. Ndi mmene munthu aliyense amachitira: chatsopano amachigwira ndi chogwirira cha chakale. Angerezi eniakewo ankatcha wailesi kuti chopanda waya, ndipo ife tinangotengera pomwepo.

Nthabwala yeniyeni ya Carpenter yagona pa Carrot ndi pa ife oonera. Catweazle akamufunsa kuti amuululire chinsinsi cha magetsi, mnyamatayo alibe yankho logwira mtima. Amadziwa kukhudza swichi basi. Nanga ife amene tili ndi foni m'thumba, ndi angati amene tingafotokoze mmene mawu a mayi athu ku Mzimba amafikira m'khutu mwathu ku Dunoon? Timadina, zimatheka, timakhulupirira. Zikakanika timazima foni n'kuyatsanso, kapena kuikweza m'mwamba ngati tikupereka nsembe. Anthu okhala ku South Africa, amene kuyambira cha m'ma 2007 aphunzira kukonza tsiku lawo motsatira ndandanda ya kuzima kwa magetsi, angavomereze kuti Catweazle sanalakwitse posakaniza magetsi ndi chinyengo. Iye akabwerera ku thanki yake atazula babu, n'kupeza kuti dzuwa lija silikuwalanso, kudandaula kwake kuti palibe chimene chikuyenda timakumva bwino.

Pamene seweroli linkaonetsedwa koyamba, mwana wa ku Cape Town kapena wa ku Blantyre sakanatha kuliona. South Africa inalibe wailesi ya kanema mpaka January 1976, chifukwa boma la tsankho, makamaka nduna Albert Hertzog, linkaopa kuti kabokosiko kabweretsa Chingerezi ndi zithunzi za anthu akuda ndi azungu akukhala limodzi. Itayamba, bungwe la osewera a ku Britain la Equity linaletsa kugulitsa kumeneko masewero a mamembala ake, ndipo chiletsocho chinakhalapo mpaka 1993. Ku Malawi tinadikira mpaka 1999 kuti TVM iyambe. Choncho ambiri a ife tikukumana ndi Catweazle mochedwa, pa DVD kapena pa intaneti, tili akuluakulu, ndipo tikumuonera tili pamalo pamene nthabwala ya munthu wodabwa ndi makina ili ndi mbiri ina yowawa.

Pakuti nthabwala imeneyi timaidziwa kale, koma kawirikawiri wosekedwayo amakhala ife. Chitsanzo chotchuka kuposa zonse chinachokera ku South Africa komweku: The Gods Must Be Crazy, filimu ya Jamie Uys ya mu 1980. Palibe nyumba yoonetsera mavidiyo ku Ndirande kapena ku Chinsapo imene sinaionetseko, ndipo tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Woyendetsa ndege akutaya botolo la Coca-Cola m'chipululu cha Kalahari. Anthu a mtundu wa San akulitola, akuyesa mphatso ya milungu, likuwayambanitsa, ndipo Xi, amene anaseweredwa ndi N!xau wa ku Namibia, akunyamuka kukalitaya kumathero a dziko. Panjira galimoto akuiyesa chinyama. Botolo uku, botolo uko: kwa Catweazle muli dzuwa, kwa Xi lagwa kumwamba. Munthu akhoza kunena kuti ndi nthabwala imodzi. Ndiponso Uys sanaleke kuseka azungu a m'tauni, ndi mawotchi awo ndi kuthamanga kwawo kopanda mutu, ndipo Xi ndi amene amaoneka wanzeru pamapeto. Nanga kusiyana kuli pati?

Kusiyana koyamba n'kwakuti Catweazle anachokeradi m'nthawi ina. Kudabwa kwake kuli ndi chifukwa chimene seweroli latiuza poyera: zaka 900 zamudutsa ali m'madzi. Xi sanadumphe chaka ngakhale chimodzi. Ndi munthu wa mu 1980, koma filimuyo ikumuonetsa ngati wotsalira wa nthawi yamakedzana, ndipo mawu a wofotokoza nkhani, ofatsa ngati a m'mafilimu a zinyama, akutilongosolera za moyo wake ngati mmene angalongosolere za mbawala. Chikhalirecho anthu a ku Tsumkwe, kwawo kwa N!xau, pa nthawiyo ankakhala pa malo amene boma linawasonkhanitsa, akudya ufa wogawiridwa, ndipo anyamata awo ankalembedwa usilikali ndi gulu lankhondo la South Africa. Filimu ya John Marshall yotchedwa N!ai, the Story of a !Kung Woman, ya chaka chomwecho, imaonetsa zimenezi, ndipo muli ngakhale kachigawo koonetsa gulu la Uys likujambula. Ulendo wa m'nthawi umene uli mu filimu ya Uys sanauyende Xi. Anamuyendetsa ndi wojambula, amene anamubweza m'mbuyo zaka zikwi kuti nthabwala itheke.

Cape Town imaudziwa bwino mchitidwe umenewu. M'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya South African Museum, kumapeto kwa Company's Garden, munali chionetsero chotchuka cha ziboliboli za anthu a mtundu wa San atakhala pamsasa ndi mauta awo. Ziboliboli zimenezo zinaumbidwa pa matupi a anthu amoyo ndi James Drury kuyambira mu 1907, ndipo ambiri mwa anthuwo anali antchito ndi abusa a ziweto a kumpoto kwa Cape, ovala malaya ngati wina aliyense, amene anawavula kuti aoneke akale. Anaikidwa m'nyumba imodzi ndi mafupa a anangumi ndi zinyama zouma, pamene mbiri ya azungu inali ndi nyumba yakeyake. Mibadwo ya ana a sukulu inadutsa pagalasi limenelo mpaka chionetserocho chinatsekedwa mu 2001. Katswiri wina wa za chikhalidwe, Johannes Fabian, analemba buku lonse mu 1983, Time and the Other, pa nkhani yomweyi ya kukaniza munthu amene waima naye pamodzi kukhala wa nthawi yako.

Ndiye ukaonera Catweazle uli ndi zimenezi m'mutu, pali kukoma kwina kumene mwina ana a ku England a mu 1970 sankakumva. Munthu wosadziwa babu ndi Mngerezi. Woopa galasi lojambulira ndi Mngerezi. M'gawo lotchedwa The Magic Face, mayi wina wa ku America wojambula zithunzi akumujambula, ndipo Catweazle ataona nkhope yake papepala akukhulupirira kuti mayiyo wamugwira mzimu, tsopano iye ndi kapolo wake. Nthano imeneyi, ya munthu woopa kuti kamera imulanda mzimu, apaulendo a ku Ulaya anaifotokoza za Aafrika mpaka inatopetsa. Pano yabwerera kwawo. Ndiponso Mngerezi ameneyu ndi wa mtundu wogonjetsedwa, amene dziko lake lalandidwa ndi alendo olankhula chinenero china, omanga malinga ndi olemba m'kaundula munda uliwonse ndi ng'ombe iliyonse kuti akhometse msonkho. Mawu oti Anorman akamveka, Catweazle amayang'ana kothawira. Sindikunena kuti Carpenter ankalemba za atsamunda. Iye ankalembera ana nthano yoseketsa. Koma anakumbutsa ana a dziko limene linali litangotaya maiko ake a mu Afrika kuti makolo awonso anakhalapo m'mapanga, akuopa akadzidzi ndi kuthawa asilikali achilendo.

Kusiyana kwachiwiri ndi kumene ine ndimakuona kukhala kwakukulu. Xi safuna kanthu. Ndi woyera mtima ngati khanda, ndipo botolo akungofuna kulitaya. Munthu wotero sungamude, komanso sungamutenge ngati mnzako. Catweazle amafuna zonse. Amafuna magetsi, amafuna kuuluka, amafuna kuti akabwerera kwawo Anorman akamugwadire. Ndi wakuba: amatola chilichonse chonyezimira n'kukaunjika ku thanki. Ndi wamantha, wonyada, wosayamika, ndipo amatukwana Carrot amene akumudyetsa. Akalephera amaloza chala chule. Zoipa zimenezi ndi zimene zimamupatsa ulemu wa umunthu. Carpenter anamulolanso kuti nthawi zina apambane. Matsenga ake ambiri amaphonya, monga pamene ankafuna kubwerera kwawo n'kupezeka ali kakasi pansonga ya tchalitchi, koma amaphonya atachitika ndithu. Dziko la seweroli silinagamule kuti nzeru za Carrot ndi zoona ndipo za nkhalambayo ndi zabodza. Carrot mwiniwakeyo sakhulupirira kuti mnzakeyo ndi wa m'zaka za Anorman, amangomutenga ngati gogo wosokonekera mutu wofunika chifundo, mpaka gawo lomaliza pamene akumuona akulowa m'dziwe n'kuzimirira. Wotsala ali kukamwa yasa ndi mwana wa sayansi uja.

Mmalawi wokhala ku Imizamo Yethu, ku Masiphumelele kapena ku Joe Slovo aonanso china mwa munthu ameneyu. Ndi mlendo wopanda mapepala. Sangaonekere kwa mwini famu, amaopa wapolisi, amagona m'chitsulo chimene ena anachitaya, ndipo malankhulidwe ake amaseketsa eni dziko. Amadziwa zambiri zimene kuno palibe amene akuzifuna, monga mphunzitsi wa ku Nkhata Bay amene akutchetcha kapinga ku Constantia. Sindikufuna kukoka fanizoli mpaka liduke, chifukwa Catweazle palibe amene amamuotchera nyumba monga zinachitikira alendo mu May 2008. Koma seweroli limadziwa chinthu chimodzi choona chokhudza ulendo: kuti kutopa kwa mlendo sikuchokera ku ntchito yokha, kumachokeranso ku kumasulira chilichonse, tsiku lonse, popanda kupuma. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Catweazle anabwera nako, kali m'khosi, koma pa Hexwood amene anakaona ndi mwana yekha.

Tsopano pali fupa limene sindingalilambalale. Kodi Catweazle timutche chiyani m'Chichewa? Ndakhala ndikuti munthu wa matsenga, ndipo ndikuzemba dala. Chingerezi chili ndi mawu a munthu wotere amene mwana angawamve n'kumwetulira, a gogo wa chipewa chosongoka wa m'mabuku a zithunzi. Ife tilibe. Tikati sing'anga, ndiye kuti pali odwala amene amapita kwa iye, ndipo Catweazle sachiza munthu. Tikati mfiti, kuseka konse kwatha, chifukwa mfiti kwathu ndi yodya maliro, youluka pa lichero usiku, yopha abale. Ndiyeno tayesani kufotokozera agogo anu nkhani ya seweroli osatchula England. Nkhalamba yosadziwika kumene yachokera, yauve, yokhala yokha kuthengo, yosunga chule m'thumba, yapalana ubwenzi wamseri ndi mwana wamasiye. Mwanayo amaba chakudya kunyumba kukaipatsa, amanamiza bambo ake, ndipo amathandiza nkhalambayo kusaka zizimba. Pamudzi pathu nkhani imeneyi ili ndi dzina, ndipo dzinalo ndi kuphunzitsa ana ufiti. Mathero ake sakhala oseketsa.

Mu January 2016, m'boma la Neno, anthu anayi okalamba a banja limodzi anaphedwa ndi gulu la anthu mphenzi itapha mtsikana wa zaka 17. Imeneyo ndi imodzi chabe mwa nkhani zimene zinafika m'nyuzipepala. George Thindwa ndi bungwe lake la Association for Secular Humanism anatha zaka akumenyera nkhondo agogo amene anatsekeredwa m'ndende pa milandu ya ufiti, ambiri mwa iwo atanenezedwa ndi ana. Lamulo lathu la za ufiti ndi la mu 1911, la atsamunda, ndipo limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti komanso kudzitcha mfiti. La ku South Africa, la mu 1957, limayenda m'njira yomweyo. Onsewa ndi ana a lamulo la ku Britain la mu 1735, limene linasiya kuona ufiti ngati chinthu chenicheni n'kuyamba kulanga odzinenera kuti ali nawo. Lamulo limenelo linachotsedwa mu 1951, zaka 19 zokha Catweazle asanaonekere pa kanema. Angerezi anatha kupanga mfiti kukhala chidole cha ana chifukwa panali patadutsa zaka zoposa 250 chinyongereni munthu womaliza pa mlandu wotere. Kuseka kwawo kunagulidwa ndi nthawi.

Ku South Africa zinthu ziwirizi zinkakhala m'dziko limodzi osaonana. Kuyambira mu 1978 ana olankhula Chiafrikaans ankaonera Liewe Heksie, sewero la zidole la Verna Vels, la kamfiti kokoma mtima koiwalaiwala ka ku Blommeland, kamene matsenga ake nakonso sayenda bwino. Ndi mlongo wake wa Catweazle ndithu. Koma kumpoto kwa dziko lomwelo anthu ankaotchedwa powaganizira ufiti, mpaka boma latsopano linakhazikitsa komiti ya Ralushai mu 1995 kuti ifufuze. Lero ku Cape Town, pa mitengo ya magetsi ku Bellville ndi ku Wynberg, pamamatidwa timapepala ta asing'anga olonjeza kubweza mwamuna wothawa ndi kuchulukitsa ndalama, ndipo alendo ochokera kumpoto kwa Limpopo, ife tili momwemo, amatiganizira kuti tili ndi mankhwala amphamvu. Mbiri imeneyo ena amadyerapo, koma tsiku la chipwirikiti imasanduka mlandu.

Ndiye kodi seweroli n'loyenera ana athu? Ine ndikuti inde, ndipo chifukwa chake ndi chomwecho chimene chingapangitse kholo lina kuzima kanema. Ana athu amva kale za mfiti, kutchalitchi, m'mafilimu a ku Nigeria, kwa anzawo. Pafupifupi nthawi zonse chithunzi chake ndi chimodzi: nkhalamba yosauka, yokhala yokha, yolankhula zosamveka, ndiyo yoopsa. Catweazle ali ndi zizindikiro zonsezo, osasiyako n'chimodzi chomwe, koma magawo 26 amatha mwana akumudera nkhawa. Amaona kuti woopa kwambiri pakati pa awiriwo ndi nkhalambayo. Amaona kuti kung'ung'udza kwake kuli ndi tanthauzo ukadekha n'kumvetsera. Sindikudziwa sewero lathu la ana limene limachita zimenezi, ndipo ndikanakonda likanakhalapo, lolembedwa ndi munthu wodziwa kulemera kwa liwu loti mfiti. Carpenter sankakudziwa kulemera kumeneko, ndipo n'chifukwa chake dzanja lake linali lopepuka. M'gawo la The Flying Broomsticks, Catweazle akuba matsache kuti aulukire, ndipo wapolisi akuganizira Sam Woodyard, wantchito wa pafamu, kuti ali m'gulu la afiti. Ku Surrey, kumene ankajambulira, imeneyo ndi nthabwala ya mphindi 25. Wolemba wa ku Neno sangailembe choncho, koma akhoza kuilemba mwa njira yake, ndipo ikhoza kukhala yakuya kuposa.

Nkhani yathu yoyandikana nayo kwambiri ndi yoona, ndipo ndi yotembenuza. William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, anamanga makina opukusa magetsi ndi mphepo cha mu 2002, pogwiritsa ntchito njinga yakale ndi zitsulo zotola kudzala, atawerenga buku la m'laibulale. Anthu ankati wapenga, ndipo mvula itavuta ena anati chipangizo chakecho chikuthamangitsa mitambo. Apa wodziwa chinsinsi cha magetsi ndi mwana, monga Carrot, koma mosiyana ndi Carrot iyeyu amachidziwadi, waya ndi waya. Chiwetel Ejiofor anapanga filimu ya nkhaniyi mu 2019, yambiri m'Chichewa. Kuika mafilimu awiriwa pamodzi kumaonetsa kuti funso la Catweazle, loti kodi dzuwa limalowa bwanji m'botolo, si funso la munthu wotsalira. Ndi funso limene Kamkwamba anafunsa atayang'ana nyali ya njinga, ndipo anzake onse amene ankangopalasa osafunsa ndi amene anali ngati Carrot.

Magawo a mu 1971 sakufika pa a chaka choyamba. Catweazle wabwerera kwawo, Anorman amutsekera kuti awapangire golide, wadumphira m'ngalande ya linga ndipo wavuukanso m'nthawi yathu. Koma famu ija palibe. M'malo mwake pali chinyumba cha mabwana, King's Farthing, cha Lord ndi Lady Collingford, ndipo mnzake watsopano ndi mwana wawo Cedric, wovala magalasi, amene Catweazle amamutcha nkhope ya kadzidzi. Nkhalambayo ikukhala pa siteshoni ya sitima yosiyidwa, Duck Halt, ndipo ikusaka zizindikiro 12 za nyenyezi, gawo lililonse chimodzi, kuti ikapeza cha nambala 13 iuluke. Ndondomeko imeneyi imamanga seweroli miyendo. Umadziwiratu kuti sabata ino ndi nkhanu, sabata yamawa mkango. Peter Butterworth, amene akusewera wantchito wa panyumbapo, ndi woseketsa, koma nthabwala zake ndi za kugwa m'madzi ndi kuthimbirira ndi utoto. Chinanso, vuto la banjali ndi lakuti chuma cha makolo chinabisika ndipo chinyumba chikhoza kugulitsidwa, ndiye matsenga a munthu wothawa Anorman akuthera pa kupulumutsa katundu wa mabwana. Pa Hexwood panali matope, ngongole ya kubanki ndi mwana wosowa mayi amene anapeza munthu womufuna. Pa King's Farthing pali kapinga wometa bwino.

Ngakhale zili choncho, mathero ake Carpenter anawapeza. Catweazle, amene wakhala akudumpha kuchokera pamalo okwera n'kugwa kuyambira gawo loyamba, akupeza chibaluni chachikulu cha mpweya wotentha chili ndi dengu lake. Kwa iye chozunguliracho ndicho chizindikiro cha nambala 13. Akukwera ndi chule wake, ndipo chikunyamuka. Woonera wamkulu akudziwa kuti chikukweza denguli ndi moto ndi nsalu, zimene abale awiri a Montgolfier anayamba kuulutsa ku France mu 1783. Catweazle akudziwa kuti mawu ake agwira ntchito pomaliza. Palibe amene akubwera kudzamuwongolera, ndipo kamera ikungomutsatira akudutsa pamwamba pa minda ya ku Hertfordshire, akuseka yekha m'dengu.